Tinsungu tokhakhala pamikono ya mtsikana wa zaka 14: chimayambitsa n'chiyani?

Mayi wina wa ku Rosettenville, dera la mumzinda wa Johannesburg, walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14. Tinabwera naye kuno ku Joni kuchokera ku Nkhotakota zaka ziwiri zapitazo. Kumtunda kwa mikono ndi pantchafu kwamutuluka tinsungu ting'onoting'ono tokhakhala, khungu likuchita kuoneka ngati nkhuku yososola. Sitipweteka, timangoyabwa mwa apo ndi apo. Ndinamugulira sopo wa mankhwala ndipo amakwecha ndi saka tsiku lililonse, koma m'malo mosintha mikono ikuda madonthomadontho. Ena akuti ndi magazi oipa, ena akuti madzi a kuno sakumuyanja. Mchimwene wake alibe. Kodi chimayambitsa n'chiyani?"

Mayi, saka lija lipume kuyambira lero, pamodzi ndi sopo wa mankhwalayo. Madontho akuda mukuwaonawo sakuchokera ku tinsungu tokha ayi, ambiri akubwera ndi kukwechako. Tibwererako ku mfundo imeneyi, koma ndaitchula poyamba chifukwa ndi imene ikumuwononga mwanayo panopa.

Malinga ndi mmene mwafotokozera malo ake, msinkhu wa mwana komanso kusapweteka kwake, izi zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe madokotala a khungu amalitcha keratosis pilaris. Pakhungu lathu pali timabowo tambirimbiri momwe mumamera cheya. Khungu lakunja limafundula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ife osazindikira, ndipo zomwe zimayoyokazo zimapangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimalimbitsa zikhadabo ndi tsitsi. Kwa anthu ena keratin ameneyu sayoyoka bwino pakamwa pa kabowo ka cheya. Amaunjikana n'kutseka kabowoko, monga mmene chitsononkho chimatsekera botolo la palafini. Mukamuimika mwanayo pawindo masana n'kuyang'anitsitsa, muona kuti kansungu kalikonse kakhala pa kabowo kakekake, kukula kwake n'kwa milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo mwina muona kacheya katapindika mkati mwake kosowa potulukira. Mukasisita ndi chikhatho pamamveka ngati kuseri kwa tsamba la nkhwani. Kwa azungu tinsunguti timazunguliridwa ndi kufiira. Pakhungu lathu timakhala tofanana ndi khungu lenilenilo, kapena totuwa, kapena toderapo. Malo ake odziwika ndi kunja kwa mkono kuchokera paphewa kufika pachigongono, kutsogolo kwa ntchafu, matako, ndipo kwa ana ena masaya.

Choyambitsa chachikulu ndi kumtundu. Musanafunse wina aliyense, pindani malaya musisite kumtunda kwa mikono yanu, kenako ya bambo ake. Nthawi zambiri mmodzi mwa makolo amapezeka nato, kapena amakumbukira kuti anali nato ali pasukulu. Chibadwa chake chimayenda mwanjira yakuti kholo limodzi lokha likakhala nacho, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka woti atengere. Apa m'pamene pali yankho la funso lanu lokhudza mchimwene wake: ana a mimba imodzi, osamba madzi amodzi ndi kudya mbale imodzi, wina akhoza kutengera wina osatengera. Komanso mwa otengerawo, wina zimaonekera kwambiri, wina pang'ono moti sadziwa n'komwe. Pa kafukufuku wina yemwe anachitika ku Britain mu 1994, anthu 39 pa 100 alionse amene anali ndi vutoli ankadziwa wachibale wina yemwe analinso nalo, ndipo amenewo ndi okhawo amene anazindikira.

Chachiwiri ndi msinkhu wake. Mabuku a zakhungu amati pakati pa achinyamata 50 ndi 80 pa 100 alionse amakhala ndi tinsunguti pamlingo wina wake, pomwe kwa akuluakulu ndi pafupifupi 40. Ziwerengerozi zinasonkhanitsidwa makamaka kunja kwa Africa, koma zikukuuzani chinthu chimodzi chofunika: m'kalasi mwa mwana wanu si yekha, kungoti anzakewo abisa m'majuzi. Kwa ambiri timayamba mwana asanakwane zaka 10, tili tochepa, kenako timachuluka akamatha msinkhu, pamene mahomoni asintha mmene timabowo ta cheya timagwirira ntchito. Ndi nthawi yomweyo imene ziphuphu zimabwera kumaso. N'kutheka kuti mwana wanu anali nato kale ku Nkhotakota koma tinali tisanadzionetse.

Chachitatu ndi khungu louma mwachibadwa, ndipo apa ndikufuna mufufuze bwino. Kodi ali wakhanda ankatuluka eczema, zija zoyabwa m'makwinya a zigongono ndi kuseri kwa mawondo zomwe ena amati chikanga? Kodi m'banja mwanu muli a mphumu, kapena oyetsemula ndi kutuluka misozi fumbi likangouluka? Yang'ananinso kutsogolo kwa miyendo yake, kuchokera pabondo kutsika. Ngati pamakhala potuwa mbuu, pong'ambikang'ambika ngati mamba a nsomba ngakhale atadzola, ndipo m'zikhatho muli mizere yambiri yozama kuposa ya anzake, chimenecho ndi chizindikiro cha ichthyosis vulgaris, kuuma kwa khungu kotengera kumtundu. Mavuto atatuwa, eczema, mamba aja ndi tinsungu tokhakhala, amakonda kuyendera limodzi. Chimodzi mwa zowagwirizanitsa ndi puloteni ya pakhungu yotchedwa filaggrin, yomwe imathandiza khungu lakunja kugwirana bwino ndi kusunga madzi. Mu 2006 akatswiri a ku Dundee ku Scotland anapeza kuti kulakwika kwa chibadwa chopanga filaggrin ndi kumene kumayambitsa mamba aja ndipo kumakulitsa chiopsezo cha eczema kwa azungu ambiri. Chochititsa chidwi n'chakuti kafukufuku wa ku Cape Town wa 2014 sanapeze kulakwika kumeneko mwa odwala eczema a mtundu wa amaXhosa, ngakhale khungu lawo linali loperewera zosungira madzi zochokera ku puloteniyo. Choncho musataye ndalama kufuna kuyezetsa chibadwa. Maso anu ndi chikhatho chanu zikuuzani zokwanira.

Tsopano za ku Joni. Amene akuti kuno sikukumuyanja sakunama kwenikweni, koma alozera chala pamadzi pomwe wolakwa ndi mpweya. Nkhotakota ili m'mphepete mwa nyanja, pamalo osakwana mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yaikulu, ndipo mpweya wake ndi wachinyezi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula imakhala ngati yaiwalika. Kulibe ngakhale chiperoni chija chimanyowetsa Thyolo ndi Blantyre m'miyezi yozizira. Mpweya wouma chotero umayamwa madzi pakhungu usana ndi usiku. N'chifukwa chake milomo imang'ambika mu Julayi, ndipo mukavula juzi usiku imathetheka. Khungu likauma, keratin uja amalimba ndipo tizotsekera tija timakula. Ndiye onjezerani zimene tonse timachita pothawa chisanu: kusamba madzi a m'giza otentha kwambiri kwa nthawi yaitali, kugona hita ili chiyakire m'chipinda chotseka, kuvala juzi yaubweya yoyabwa pakhungu penipeni popita kusukulu. Madzi otentha amasungunula mafuta achilengedwe a pakhungu monga mmene amasungunulira mafuta pambale. Sopo wochapira zovala, uja wa mtanda wobiriwira amene mabanja ambiri amasambiranso, amachita chimodzimodzi, ndipo sopo wopha majeremusi kapena Dettol wothira m'madzi osamba alibe chothandiza pano chifukwa vutoli silibwera ndi majeremusi.

Pali china chomwe makolo ambiri sachiganizira, ndicho kunenepa. Kafukufuku wasonyeza kuti tinsunguti timapezeka kwambiri mwa achinyamata onenepa mopitirira muyezo komanso mwa odwala shuga, makamaka shuga wa mtundu woyamba yemwe amagwira ana. Izi sizikutanthauza kuti mwana wanu ali ndi shuga. Ana ambiri a tinsunguti alibe matenda ena alionse. Koma ngati wanenepa msanga chibwerereni kuno, muyang'ane kuseri kwa khosi ndi m'khwapa. Mukapeza khungu lakuda, lokhuthala, losalala ngati nsalu ya veleveti, lomwe silichoka posamba, limenelo si litsiro. Ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kuvutika kugwiritsa ntchito insulin, homoni yochepetsa shuga m'magazi, ndipo ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa shuga ku kiliniki. Chimodzimodzinso ngati akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi usiku kapena akuonda popanda chifukwa: zimenezo musadikire nazo. Zina zonse zomwe mabuku amatchula n'zosowa. Ana obadwa ndi Down syndrome kapena Noonan syndrome amakhala nato kawirikawiri, ndipo mankhwala ena a khansa monga vemurafenib ndi nilotinib amatulutsa tinsungu tofanana nato. Ngati mwana wanu sizikumukhudza, zidutseni.

Magazi oipa palibepo. Si uve, sitipatsirana pogona bulangete limodzi kapena kubwerekana thaulo, ndipo si chizindikiro cha HIV. Palibenso umboni wakuti mkaka, mazira, buledi kapena nyama ya nkhuku ndi zomwe zimayambitsa, ndiye musamumane mwana amene akukula zakudya zomanga thupi. Pali matenda ena a kusowa zakudya, makamaka vitamini A, omwe amatulutsa nsungu zolimba zokulirapo m'zigongono ndi m'mawondo, koma amagwira mwana woperewera zakudya kwambiri, ndipo nthawi zina amavutikanso kuona kukada. Kumwetsa mwana wodya bwino mapilitsi amphamvu a vitamini A n'koopsa, chifukwa vitamini ameneyu amaunjikana m'chiwindi.

Chibadwa ndi msinkhu simungazisinthe. Kuuma ndi kukhulika kwa khungu mungathe kuzisintha, ndipo ntchito yonse ili pamenepo.

Asambe kamodzi patsiku, madzi ofunda oti chigongono chikhoza kukhalamo osathawa, mphindi 5 mpaka 10 basi. Sopo apake m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi. Pamikono ndi pantchafu agwiritse ntchito chosambira chopanda sopo ndi chopanda fungo, kapena emulsifying ointment, mafuta oyera olimba otsika mtengo omwe amapezeka m'mafamase ndi m'makiliniki: atape pang'ono, asungunule m'manja ndi madzi ofunda, asambire. Aqueous cream nayo imatheka kusambira n'kutsukuluza, koma isakhale yodzola yogona nayo, popeza yambiri imakhala ndi sodium lauryl sulphate yemwe amaumitsa ndi kuyabwitsa khungu akakhalitsa. Akatuluka m'bafa asadzipukute mokhula. Angogunditsa thaulo, ndipo adzole mphindi zitatu zisanathe, khungu likadali lachinyezi. Kudzola pakhungu louma kale, atavala n'kudya kaye, phindu lake likhoza kuchepa.

Mafuta odzolawo ndi amene ayenera kusankhidwa mosamala. Vaseline ndi gilisalini zimasunga chinyezi ndipo n'zabwino, koma sizisungunula tizotsekera tija. Pamafunika kirimu yokhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu izi: urea, lactic acid kapena salicylic acid. Ku Clicks, ku Dis-Chem kapena ku famase iliyonse, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, osangotsata chithunzi cha kutsogolo. Kwa mtsikana wa zaka 14 amene khungu lake lakhulidwa kale, ndikulangiza kuti ayambe ndi urea wa 10 peresenti, chifukwa amafewetsa keratin uku akukoka madzi, ndipo sawawa kwambiri. Koma sabata yoyamba adzole mafuta wamba okha, khungu lomwe lasupuka ndi saka lipole kaye, apo ayi urea adzamuwawa ngati tsabola n'kuitaya kirimuyo tsiku lomwelo. Kenako ayambe kamodzi patsiku madzulo, muyezo wa supuni yaing'ono ya tiyi pa mkono uliwonse, yoposerapo pang'ono pa ntchafu iliyonse, akusisita motsata kumene cheya chagonera, kuchokera paphewa kutsika. Pakatha sabata popanda vuto, adzole m'mawa ndi madzulo. M'miyezi yozizira akhoza kupaka Vaseline wochepa pamwamba pake usiku kuti atsekere chinyezicho.

Pakatha masabata 6 osasintha kwenikweni, mukhoza kukwera pa urea wa 20 peresenti, kapena kusinthira ku lactic acid wa 10 mpaka 12 peresenti, kapena salicylic acid wa 2 peresenti. Sinthani chimodzi pa nthawi imodzi. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri n'kugula zonse zitatu n'kuzipaka tsiku limodzi pofuna zachangu: khungu limapsa, limayabwa, mwana amakanda, madontho akuda n'kuwonjezeka. Salicylic acid asapakidwe thupi lonse kapena pabala, chifukwa amalowa m'magazi akachuluka. Lactic acid amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo dzuwa la pamtunda ngati Joni ndi laukali ngakhale kukuzizira, choncho tsiku la masewera kusukulu apake mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa pamikono. Pamasaya, ngati tiliponso, musapake mankhwala amphamvu a pathupiwa. Pamenepo pakwanira mafuta ofewa opanda fungo mpaka dokotala ataona.

Chenjezo limodzi la m'nyengo yozizira lomwe sindikufuna mulidumphe: Vaseline, emulsifying ointment ndi mafuta ena odzola amalowerera m'zovala zogonera ndi m'mabulangete, ndipo nsalu yotero imagwira moto msanga. Mwana asakhale moyandikira mbaula, hita ya palafini kapena kandulo magetsi akazima, ndipo zogonera zizichapidwa pafupipafupi.

Tibwerere ku saka lija. Khungu lakuda likakhulidwa, kukandidwa kapena kufinyidwa, limayankha popanga utoto wochuluka pamalo opwetekawo. Kansungu komwe kakanangokhala kokhakhala kamasanduka dontho lakuda lomwe limatenga miyezi 6, chaka, mwinanso kuposa kuti lizilale. Saka, chinkhupule chouma kapena mwala zimametadi mitu ya tinsunguto, khungu n'kumveka losalala tsiku limenelo, n'chifukwa chake anthu amakhulupirira kuti zikugwira ntchito. Pakatha masiku awiri timabwereranso, pamodzi ndi madontho atsopano. Ngati akufunadi kuchotsako zofundukazo, kansalu kofewa konyowa, kosisita mopepuka kamodzi kapena kawiri pa sabata, n'kokwanira. Kufinya ndi zikhadabo, komwe atsikana ambiri amachita osadziwa akuwerenga kapena akuonera foni, kumalowetsa majeremusi n'kusiya zipsera zenizeni. Kumeta miyendo ndi lezala popanda chofewetsa, komanso mathalauza othina kwambiri okhula ntchafu, nazonso zimakulitsa vutoli.

Madontho akudawo ndi amene amakokera makolo ku msampha woopsa kuposa tinsungu. Wina adzakuuzani za timachubu togulitsidwa m'misewu ya m'tauni ndi m'mashopu a zodzoladzola, toti timayeretsa khungu m'sabata imodzi. Tambiri timakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu a gulu la steroid omwe amayenera kulembedwa ndi dokotala, kapena hydroquinone, yemwe dziko la South Africa linamuletsa m'zodzoladzola kuyambira 1990. Masiku oyamba khungu limaoneka lowala. Kenako limapyapyala, limatuluka mizere yong'ambika yomwe sichoka moyo wonse, ziphuphu zimabuka, ndipo hydroquinone wa nthawi yaitali amasiya chikuda chokhakhala chovuta kuchiza kuposa chomwe munkathawa. Kwa mwana wa zaka 14, steroid wamphamvu wopakidwa pamalo aakulu amalowanso m'thupi n'kusokoneza mahomoni. Chonde, Mayi, musamupake zimenezi ngakhale akuuzeni ndi mnzanu wa kutchalitchi. Madontho a mwana wanu adzazilala okha kukwecha kukasiyidwa, ndipo lactic acid ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimafulumizitsa.

Ndi bwino namwino kapena dokotala amuone kamodzi kuti atsimikize, popeza pali zina zofanana nazo. Mphere zimayabwa koopsa usiku, zimakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi pamkono polumikizira dzanja, ndipo zimagwira ena m'nyumba. Nsungu zokhala ndi mafinya, zopweteka kapena zotentha zikusonyeza majeremusi m'timabowo ta cheya, ndipo mankhwala ake ndi ena. Pakhungu lakuda eczema nayo imakonda kutuluka ngati tinsungu ta pa cheya, koma imayabwa kwambiri ndipo imafalikira pamimba ndi kumsana. Mupite msanga ngati nsidze zayamba kuthothoka chakumapeto kwake, kapena pamasaya payamba timaenje, chifukwa pali mtundu wosowa wa vutoli womwe umasiya zipsera. Njira yake m'zipatala za boma ndi kuyambira ku kiliniki ya m'dera lanu. Akaona kuti m'pofunika, amalemba kalata yotumiza kwa madokotala a khungu, omwe amapezeka ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath. Kumeneko akhoza kulemba tretinoin kapena adapalene, makirimu otsegula timabowo ta cheya, omwe amayambidwa kawiri kapena katatu pa sabata chifukwa amasupula khungu, ndipo sagwiritsidwa ntchito ndi woyembekezera. Za laser, makina ochiza khungu ndi kuwala kwamphamvu, mudzazimva kwa madokotala apadera. N'zodula, zimafuna maulendo angapo, ndipo pakhungu lakuda makina olakwika amawotcha n'kusiya mabala. Kwa mwana wa msinkhu uwu sindikuona chifukwa chothamangirako.

Mwanayo mumuuze zoona zake, chifukwa akayembekezera khungu losalala ngati galasi m'masabata awiri adzagwa mphwayi n'kubwerera ku saka. Mankhwalawa amafewetsa ndi kuchepetsa, sachotseratu, ndipo akasiya kudzola timabwerera pakatha masabata ochepa. Pa kafukufuku wa 1994 uja, anthu 35 pa 100 alionse anaona tikuchepa pamene ankakula, 43 anati tinakhala chimodzimodzi, ndipo 22 anati tinawonjezeka. Mumufunsenso ngati anzake akumuseka, kapena ngati wasiya kuvala malaya a manja aafupi ndi kusewera netibolo chifukwa cha manyazi. Pamsinkhu umenewu zimenezo zimapweteka kuposa tinsunguto, ndipo zimathandiza kwambiri akaona mkono wa mayi ake kapena wa bambo ake uli nato.

Lero jambulani mkono wake ndi foni pawindo, masana, ndipo mudzajambulenso pamalo omwewo pakatha masabata 6 ndi 12, chifukwa maso oona tsiku lililonse sazindikira kusintha. Mvula ikayamba mu Okutobala ndi Novembala mwina mudzaona tikuchepa tokha, ndipo akhoza kutsikira pa kudzola kamodzi patsiku. Chaka chamawa musadikire Juni: abwerere pa kudzola kawiri patsiku kumapeto kwa Epulo, mpweya usanaume.